Chiphe chosadzalidwa m'munda: maiko agwirana manja polimbana ndi ozembetsa mankhwala

Ife a m'mbali mwa nyanja tikamva mawu oti mankhwala ozunguza bongo, maganizo athu amathamangira ku chamba. Chamba timachidziwa. Chimadzalidwa m'munda, chimatenga miyezi kuti chikhwime, chimanunkha, ndipo wochizembetsa amafunika matumba ndi galimoto. Wapolisi pa rodibuloko amatha kuchigwira ndi mphuno yokha. Komatu abale ndi alongo, kunja kuno kwadza mtundu wina wa mankhwala umene sufuna munda, mvula kapena khasu. Umaphikidwa m'chipinda, sumveka fungo, ndipo umafanana ndi mapiritsi a kuchipatala. Kanthu kokwana mu envulopu ya kalata kangathe kutha mudzi wonse. N'chifukwa chake apolisi a dziko limodzi, ngakhale likhale lolemera chotani, sangathane nawo paokha. Nkhani ino ikufotokoza mmene maiko akuthandizirana pa nkhondoyi, pamene pakuvuta, ndi pamene ikutikhudzira ife.

Kodi mankhwalawa ndi otani?

Kuyambira kale anthu akhala akutenga utomoni wa duwa lotchedwa poppy n'kupangira mankhwala opha ululu. Morphine amene madokotala amapereka kwa odwala khansa amachokera m'duwa limeneli. Heroin nayenso amachokera momwemo. Gulu lonse la mankhwalawa limatchedwa ma opioid. Amachepetsa ululu, amagonetsa, ndipo munthu akawazolowera amakhala ndi chibaba choti sangathe kukhala tsiku osawalawa. Akachuluka m'thupi amafooketsa kupuma mpaka munthu kumwalira ali m'tulo.

M'kupita kwa nthawi akatswiri anaphunzira kupanga mankhwala ogwira ntchito yomweyo popanda duwa, pongosakaniza makemikolo m'labotale. Otchuka kwambiri ndi fentanyl, amene anapangidwa ku Belgium ndi Dr. Paul Janssen zaka zoposa 60 zapitazo. Cholinga chake chinali chabwino, ndipo mpaka lero madokotala amamugwiritsa ntchito pochita opaleshoni. Koma mphamvu yake ndi yoopsa: amaposa heroin maulendo 50 ndipo amaposa morphine maulendo 100. Mamiligalamu 2 okha angathe kupha munthu wamkulu. Kuti timvetse kuchepa kwake, titenge kambewu kamodzi ka mpunga, tikagawe pakhumi, gawo limodzi ndiye mlingowo. Kilogalamu imodzi, yolemera ngati paketi ya shuga, ili ndi milingo yotere 500,000.

Apa ndi pamene pagona chikoka cha akamberembere. Heroin amafuna minda, alimi, nyengo yabwino ndi miyezi yodikira. Fentanyl amangofuna makemikolo, ziwiya ndi masiku ochepa. Katundu wake ndi wochepa, wosavuta kubisa, koma phindu lake ndi lalikulu zedi. Ozembetsa amamusakaniza mu heroin kapena amamudinda kukhala mapiritsi ofanana ndendende ndi a kufamase, kotero kuti ambiri amene afa nawo sanadziwe n'komwe chimene anameza.

Maliro a ku America

Dziko limene lalira kwambiri ndi United States. M'zaka za 2021, 2022 ndi 2023 anthu oposa 100,000 ankafa chaka chilichonse chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo, ndipo mwa iwo oposa 70,000 anafa ndi ma opioid opangidwa m'labotale, makamaka fentanyl. Amenewa ndi anthu pafupifupi 200 tsiku lililonse, ngati kuti mabasi atatu odzaza akugwera m'phompho tsiku ndi tsiku. M'chaka cha 2024 chiwerengero cha imfa zonse chinatsika kufika pafupifupi 80,000. Akatswiri amatchula zifukwa zingapo, ndipo chimodzi mwa izo ndi kufala kwa naloxone, mankhwala amene amabwezeretsa kupuma kwa munthu wokomoka ndi ma opioid akapatsidwa msanga.

Njira imene fentanyl amafikira ku America imaonetsa chifukwa chake dziko limodzi silingathe. Makemikolo opangira amagulidwa ku mafakitale a ku Asia, makamaka ku China. Amayenda pa sitima kapena pa ndege kupita ku Mexico, kumene magulu a zigawenga a Sinaloa ndi Jalisco amawaphika n'kudinda mapiritsi. Kenaka amawolotsa malire kulowa mu United States, ndipo ndalama zake zimazungulira m'maiko enanso kuti zioneke ngati za malonda abwinobwino. Wapolisi wa ku Chicago amaona maliro okha. Wa ku Mexico amaona khitchini yophikira. Wa ku doko la ku China amaona migolo ya makemikolo yokhala ndi zikalata zooneka zolongosoka. Aliyense wagwira chiwalo chimodzi cha njokayo, ndipo akapanda kuuzana palibe amene angaidziwe kutalika kwake.

Africa nayo ili ndi bala lake

Tisaganize kuti iyi ndi nkhani ya azungu okha. Kuno ku Africa opioid amene wavuta kwambiri ndi tramadol. Awa ndi mankhwala enieni opha ululu, amene kampani ya ku Germany ya Grünenthal inayamba kugulitsa m'chaka cha 1977, ndipo amapezeka m'zipatala zathu zomwe. Kapisozi wamba wa kuchipatala amakhala wa mamiligalamu 50. Koma mapiritsi amene amazembetsedwa kupita ku West Africa amakhala a mamiligalamu 120, 200, 225 ngakhale 250. Amagulidwa ndi anyamata a njinga zamoto, onyamula katundu, alimi ndi okumba miyala ya mtengo wapatali, poganiza kuti awapatsa mphamvu zogwirira ntchito osatopa. Mapeto ake amakhala chibaba, kukomoka ngati wa khunyu, ndi imfa.

Kafukufuku amene boma la Nigeria linachita mothandizidwa ndi bungwe la United Nations m'chaka cha 2018 anapeza kuti anthu 4.6 miliyoni m'dzikomo anagwiritsa ntchito mankhwala opha ululu a mtunduwu, makamaka tramadol, popanda chifukwa cha matenda. Chaka chomwecho Nigeria inaletsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, achinyamata atayamba kuwamwa ngati zakumwa. Kumpoto kwa Africa nakonso vutoli ndi lalikulu. M'chaka cha 2017 apolisi a ku Italy anagwira mapiritsi a tramadol 37 miliyoni pa doko la Genoa. Anachokera ku India, amapita ku Libya, ndipo zikalata zake zimati m'makontenawo munali mabulangete ndi sopo wosambira m'mutu.

Ku Sierra Leone kunabuka chosuta chotchedwa kush, chimene chinasandutsa anyamata ambiri kukhala ongogona chiimire m'misewu ya Freetown, miyendo itatupa ndi zilonda. Mu April 2024 Pulezidenti Julius Maada Bio analengeza kuti dziko lake lili pa ngozi chifukwa cha mankhwalawa. Kwa nthawi yaitali anthu ankangonena mphekesera za zimene zimathiridwamo. Zoona zake zinadziwika pamene kush anapimidwa m'labotale za kunja: lipoti limene linatuluka mu February 2025 linaonetsa kuti wambiri anali ndi ma nitazene. Awa ndi ma opioid amene kampani ya CIBA inapanga ku Switzerland m'zaka za m'ma 1950, koma sanaloledwe konse kukhala mankhwala a kuchipatala chifukwa cha kuopsa kwake. Ena mwa iwo amaposa fentanyl mphamvu. Taonani apa: apolisi a dziko lija anakhala zaka akulimbana ndi mdani amene sankamudziwa dzina, kufikira atapeza thandizo la zipangizo zopimira.

Mapangano ndi malamulo

Mutu umodzi susenza denga. Maziko a mgwirizano wa maiko ndi mapangano atatu a United Nations, a m'zaka za 1961, 1971 ndi 1988, ndipo dziko la Malawi linavomereza onse atatu. Pangano la 1988 ndi limene limakhudza ozembetsa ndi makemikolo opangira mankhwala. Mu mzinda wa Vienna ku Austria muli mabungwe amene amayendetsa ntchitoyi. La UNODC limathandiza maiko ndi maphunziro ndi zipangizo. La INCB limayang'anira kuti mapangano akutsatidwa. Ndipo chaka chilichonse mu March nthumwi za maiko zimakumana kumeneko kuti zigwirizane za mankhwala atsopano oyenera kulowa m'kaundula wa zoletsedwa.

M'chaka cha 2017 msonkhanowu unaika m'kaundula makemikolo awiri akuluakulu opangira fentanyl, otchedwa NPP ndi ANPP. Ophika aja sanagone, anapeza makemikolo ena olowa m'malo. Maiko anawonjezera atatu mu 2022 ndi ena awiri mu 2024. Vuto lake ndi lakuti katswiri wa makemikolo angathe kusintha kachigawo kochepa ka mankhwala, n'kutuluka chinthu chopha chimodzimodzi koma chosalembedwa m'lamulo. Lamulo limatenga chaka kapena kuposerapo, pamene wophika amatenga masabata. Pofuna kutseka mpata umenewu, pa 1 May 2019 dziko la China linaletsa mtundu wonse wa fentanyl nthawi imodzi, m'malo motchula dzina limodzilimodzi. Kutumiza fentanyl wopangiratu kuchokera kumeneko kunachepa ndithu, koma malonda anasamukira ku makemikolo opita ku Mexico. Mu July 2025 China inachitanso chimodzimodzi ndi ma nitazene.

Izi zikuonetsanso kuti ntchitoyi imadalira ubale wa maiko. Mu 2022 China inaimitsa kugwira ntchito ndi America pa nkhani ya mankhwala chifukwa cha mkangano wokhudza Taiwan, ndipo inayambiranso atsogoleri a maiko awiriwa, Joe Biden ndi Xi Jinping, atakumana ku California mu November 2023. Akuluakulu akayambana, wozembetsa ndiye amasangalala. Mu July 2023 dziko la America linakhazikitsanso mgwirizano wotchedwa Global Coalition to Address Synthetic Drug Threats, ndipo maiko oposa 80 anakhala nawo pa msonkhano woyamba.

Thandizo lofika kwa wapolisi

Pangano lolembedwa pa pepala siligwira mbava. Thandizo lenileni ndi limene limafika m'manja mwa wapolisi ndi wogwira ntchito pa chipata cha dziko, ndipo lili m'magawo angapo.

Loyamba ndi kuuzana. Kuyambira 2006 bungwe la INCB lili ndi njira ya pa kompyuta yotchedwa PEN Online. Dziko lotumiza makemikolo olembedwa m'kaundula limadziwitsa dziko lolandira katunduyo asananyamuke. Akuluakulu a dziko lolandira amafufuza ngati kampani yoitanitsayo ilipodi komanso ngati ili ndi chilolezo. Akapeza kuti ndi dzina lopeka, katundu amaimitsidwa ali pa doko. Mu 2012 kunabweranso PICS, imene apolisi amagwiritsa ntchito pochenjezana za makemikolo amene agwidwa, ndipo palinso IONICS ya mankhwala atsopano oopsa. Wapolisi akagwira phukusi ku Lagos n'kulemba kumene lachokera, mnzake wa ku Mumbai angathe kufika pa khomo la wotumiza. Bungwe la INTERPOL, limene likulu lake lili ku Lyon m'dziko la France, limalumikiza apolisi a maiko 196, ndipo ofesi yake ya chigawo chino cha kummwera kwa Africa ili ku Harare.

Lachiwiri ndi luso losankha chofufuza. Katundu woposa magawo 80 pa 100 alionse wa malonda a dziko lapansi amayenda pa nyanja, ndipo palibe doko limene lingatsegule kontena iliyonse. Kuyambira 2004 UNODC pamodzi ndi bungwe la World Customs Organization akhala akuphunzitsa magulu a pa madoko kuwerenga zikalata mwanzeru. N'chifukwa chiyani kontena ya mabulangete yadzera maiko anai? N'chifukwa chiyani kampani yotsegulidwa mwezi watha ikuitanitsa migolo yochuluka chotere? Mu 2010 kunayambikanso AIRCOP, yochita ntchito yomweyo m'mabwalo a ndege. Ogwira ntchito m'mapositi ofesi ndi m'makampani otumiza maphukusi nawonso amaphunzitsidwa, popeza mankhwala ambiri a mtunduwu amaitanitsidwa pa intaneti n'kubwera ngati kaphukusi wamba. Mu May 2023 bungwe la apolisi a ku Ulaya la Europol linalengeza kuti anthu 288 anamangidwa m'maiko osiyanasiyana chifukwa chogulitsa mankhwala m'misika yobisika ya pa intaneti.

Lachitatu ndi zipangizo. Ufa woyera ungakhale mchere, ungakhale ufa wa chinangwa, ungakhalenso chiphe. UNODC imapereka timabokosi topimira pompopompo komanso timakina togwira m'manja timene timawalitsa kuwala pa ufa n'kutchula dzina lake osatsegula thumba. Imatumizanso zitsanzo ku malabotale a maiko kuti ayesedwe ngati akupima molondola, chifukwa mlandu umene umboni wake sunapimidwe bwino umathera poti woganiziridwa wamasulidwa. Apolisi amaphunzitsidwanso kuvala magolovesi, kusanunkhiza ufa wosaudziwa, ndi kukhala ndi naloxone pafupi. Kuyambira 2013 palinso njira yochenjezera msanga, kotero kuti mankhwala atsopano akapezeka m'dziko limodzi, malabotale a maiko ena amadziwa chimene ayenera kuyang'ana.

Mpata umene watseguka

Mu April 2022 olamulira a Taliban analetsa ulimi wa poppy ku Afghanistan, dziko limene linkatulutsa opium wochuluka kuposa ena onse. UNODC inapeza kuti minda inatsika kuchoka pa mahekitala 233,000 mu 2022 kufika pa 10,800 mu 2023. Iyi ingaoneke ngati nkhani yabwino yokhayokha, koma akatswiri anachenjeza kuti heroin akasowa, chibaba cha omuzolowera sichitha, ndipo ogulitsa amafunafuna cholowa m'malo. Ku Britain apeza kale ma nitazene osakanizidwa mu heroin, ndipo anthu afa nawo.

Apa ndi pamene nkhaniyi yayandikira kwathu. Kwa zaka zambiri heroin wa ku Afghanistan wakhala akudutsa nyanja ya India m'mabwato, kutsikira m'magombe a kumpoto kwa Mozambique, kenaka n'kuyenda pa msewu kupita ku South Africa. Njira imene yazolowera kunyamula katundu mmodzi ingathe kunyamulanso wina. Malire athu ndi Mozambique, kuyambira ku Chiponde mpaka ku Mwanza, ndi aatali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tisatsekere odwala kunja

Tsono wina angafunse kuti, bwanji osangoletsa mankhwala onsewa basi? Funsoli ndi limene lavutitsa maiko kwambiri. Tramadol sali m'kaundula wa mapangano a United Nations. Dziko la Egypt, limene linamuletsa kale kwawo, linapempha kuti aikidwemo. Koma akatswiri a bungwe la zaumoyo la WHO ataunika nkhaniyi mu 2018 sanavomereze, poopa kuti m'maiko osauka, mmene tramadol ali pakati pa mankhwala ochepa opha ululu waukulu amene amapezeka, odwala enieni ndi amene angavutike.

Mantha amenewa ali ndi maziko. Lipoti la akatswiri limene linatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017 linaonetsa kuti theka losauka la anthu a pa dziko lapansi limalandira zosakwana gawo limodzi pa magawo 100 a morphine ndi mankhwala ofanana naye. Pamene ku America anthu akufa chifukwa mankhwala achuluka, kuno mayi wodwala khansa kapena mwana wopsa ndi moto angathe kubuula usiku wonse chifukwa mankhwala asowa. Aliyense amene anadwazikapo matenda aakulu amadziwa kuti ululu wotere sutha ndi panado.

Njira imene maiko ayesa ndi yotseka kumene mapiritsi achinyengo akuchokera, osakhudza shelefu ya chipatala. Mu April 2018 India inaika tramadol pansi pa lamulo lake la mankhwala oopsa, ndipo kutumiza kunja kunayamba kufuna chilolezo chapadera. Ozembetsa anatembenukira ku mapiritsi ena osakaniza tapentadol ndi carisoprodol, mpaka India inaletsanso amenewo mu February 2025, atolankhani a BBC ataulula za malondawa. Wapolisi wophunzitsidwa bwino ayenera kusiyanitsa bokosi la chipatala lokhala ndi zikalata zoona ndi katoni ya mapiritsi a mamiligalamu 225 yobisidwa pansi pa nsalu. Akalephera kusiyanitsa, ndiye kuti kapena chiphe chidutsa, kapena wodwala agona ndi ululu.

Chipata chomaliza ndi pakhomo

Ntchito yonseyi, ya ku Vienna, ya pa madoko ndi ya m'malabotale, imachepetsa katundu wodutsa koma siingamuthe yense. Wotsalayo amakathera pa munthu mmodzi amene watambasula dzanja kulandira. Tonse tinaphunzira kuti chilichonse choledzeretsa ndi chophimba nzeru ndi haramu, ndipo n'chifukwa chake ambiri a ife sitiyandikira mowa. Koma piritsi silinunkha ngati mowa, ndipo mnyamata angathe kudzinamiza kuti akungomwa mankhwala. Mankhwala amene dokotala walembera wodwala, pa mlingo wake ndi masiku ake, ndi chithandizo. Piritsi lomwelo likamwedwa kuti munthu apalase bwato usiku wonse kapena aiwale mavuto, lasanduka choledzeretsa.

Makolo, mankhwala opha ululu tiziwatenga kuchipatala kapena ku famase yovomerezeka ndi bungwe la PMRA, osati pa benchi ya mu msika kapena kwa wogulitsa m'basi. Otsala kwa wodwala tisagawane ndi anzathu, ndipo tiwasunge kutali ndi ana. Inu opita ku Joni ndi obwerera, musanyamule phukusi losatsegulidwa la munthu aliyense, ngakhale akulonjezeni kukulipirirani ulendo, chifukwa pa chipata amamanga wonyamula, osati wotuma. Munthu akapezeka sakudzuka, akupuma pang'onopang'ono, milomo yasintha mtundu ndipo timaso takuda tachepa ngati nsonga ya singano, musamusiye kuti agone, thamangirani naye kuchipatala ndipo mukanene zoona za chimene wamwa. Ndipo mwana amene wagwidwa kale ndi chibaba afunika chithandizo, osati kumubisa m'nyumba poopa manyazi, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Apolisi a maiko aphunzira kuti wozembetsa amapambana pamene aliyense wasunga chimene akudziwa. Phunziro lomweli ndi lathunso. Mukaona mapiritsi achilendo akugulitsidwa pa doko, pa siteji kapena pafupi ndi sukulu, dziwitsani amfumu, azaumoyo kapena apolisi msanga, zinthu zisanafike pa maliro.